Ulendo ndi Mayeso a Setilaiti ya Mauthenga

Amalume anga amamangirira madishi a wailesi ya kanema m'nyumba za anthu, ndipo nthawi ya tchuthi ndimawaperekeza kuti ndikawagwirire makwerero. Iwo akakwera padenga amatembenuza dishi pang'onopang'ono, ine ndili m'nyumba maso ali pa kanema, kumafuula kuti, "Zayamba kuoneka, amalume!" kapena "Zathawanso!" Akapeza pamene zithunzi zikuoneka bwino amalimbitsa mabawuti, basi ntchito yatha. Dishiyo imakhala choloza malo omwewo zaka ndi zaka. Tsiku lina ndidawafunsa kuti, "Kodi amalume, chinthu chimene dishi imayang'ana kumwambako chidakhomedwa pa chiyani?" Adaseka n'kunena kuti, "Mphwanga, wa sukulu ndiwe. Ukafufuze, udzandiuze."

M'nkhani ino ndikufuna kufotokoza zimene ndidapeza: m'mene setilaiti ya mauthenga imafikira pamalo pake, ndi m'mene imayesedwera isanayambe ntchito. Ambirife tikamva zotumiza setilaiti timaganiza za roketi ikunyamuka ndi moto ndi utsi, anthu n'kumaomba m'manja. Koma gawo limenelo limatha m'mphindi pafupifupi 30 zokha. Masabata otsatira, amene sajambulidwa pa kanema, ndiwo amagamula ngati ndalama za eni ake zapindula kapena zalowa m'madzi.

Ndiyambe ndi funso la amalume lija. Setilaiti sidakhomedwe pa chilichonse, ndiponso sikuti idangoima. Kunena zoona, ikugwa. Mukaponya mwala umakagwera patali pang'ono, ndipo mukauponya ndi legeni umakagwera patali koposa. Popeza dziko ndi lobulungira, mwala utathamanga kwambiri zedi, nthaka ingamapindike n'kumauthawa pamene ukugwa, kotero kuti ungamangozungulira dziko osaligunda. Pa mtunda wa makilomita 400 kuchokera pansi, liwiro lofunika ndi la makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, ndipo chinthu chimazungulira dziko lonse m'mphindi 90. Mukapita kumtunda kwambiri, mphamvu yokoka ya dziko imachepa, liwiro lofunika limachepanso, pamene njira yozungulira imatalika. Pa makilomita 35,786 pamwamba pa ikweta, ulendo umodzi umatenga maola 23 ndi mphindi 56, nthawi yofanana ndi imene dziko limatenga kuti litembenuke kamodzi. Setilaiti ya pamenepo imathamanga makilomita pafupifupi 11,000 pa ola, komabe kwa munthu amene ali padenga imaoneka ngati yaima, monga momwe basi iwiri yoyenda pa liwiro limodzi imaonekera kwa okwera ake. Mtunda umenewu ndi waukulu: uli ngati kuyenda kuchokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe maulendo oposa 100.

Mlembi wa ku Britain, Arthur C. Clarke, adafotokoza za ubwino wa njira imeneyi mu 1945, koma padapita zaka pafupifupi 20 kuti anthu afikeko. Telstar 1, imene idatumizidwa pa 10 Julayi 1962 kuchokera ku Cape Canaveral ku America, inkayenda m'munsi, ndipo inkatha kulumikiza America ndi Ulaya kwa mphindi pafupifupi 20 zokha pa ulendo uliwonse wa maola awiri ndi theka. Madishi akuluakulu ankayenera kuilondola ikamadutsa. Pa mayeso a usiku woyamba padachitika chinthu chimene ife ophunzira chiyankhulo chiyenera kutikhudza. Siteshoni ya ku Pleumeur-Bodou ku France idalandira chithunzi chabwino, koma ya ku Goonhilly ku England idalandira chosaoneka bwino. Chifukwa chake chidali chakuti mafunde a wailesiwo amayenda mopota, ndipo akatswiri a mbali ziwirizo adamva mosiyana mawu ofotokoza mbali imene mafundewo akupotera. Kachipangizo kena adakaika chotembenuza. Atakakonza m'mawa mwake, zonse zidayenda bwino. Telstar 1 sidakhalitse: mphamvu zoipa zochokera ku mabomba a nyukiliya amene ankaphulitsidwa m'mlengalenga chaka chimenecho zidaononga zipangizo zake, ndipo idasiyiratu kugwira ntchito mu Febuluwale 1963.

Mwezi womwewo Syncom 1 idayesa kukwera kupita ku njira ya kumtunda ija, koma idangoti zii pa nthawi imene injini yake idayatsidwa. Syncom 2 ndiyo idafika mu Julayi 1963, ndipo mwa mayeso ake odziwika ndi aja a mu Ogasiti chaka chomwecho, pamene Pulezidenti John F. Kennedy adayankhula pa lamya ndi nduna yaikulu ya Nigeria, Abubakar Tafawa Balewa, kudzera pa sitima ya pamadzi imene idaima padoko la Lagos. Syncom 3 ya mu 1964 ndiyo idali yoyamba kukhazikika ndithu pamwamba pa ikweta, ndipo idaonetsa anthu a ku America masewero a Olimpiki a ku Tokyo.

Kuyambira nthawi imeneyo akatswiri adaphunzira kuti setilaiti iyenera kuzunzidwa ili pansi pompano. Asanaitumize amaiika pa makina oigwedeza mwamphamvu monga momwe roketi idzaigwedezere. Amailowetsa m'chipinda cha phokoso loti likhoza kugonthetsa munthu. Kenako amaitsekera m'thanki yaikulu, n'kupopamo mpweya wonse, n'kumaitenthetsa ndi kuiziziritsa mosinthanasinthana kwa masabata angapo, pakuti kumwambako mbali yoyang'ana dzuwa imatentha kupitirira madigiri 100 pamene ya kumthunzi imazizira kupitirira madigiri 100 pansi pa ziro. Komabe pali zina zimene sizingayesedwe mokwanira pansi pano. Mapiko a sola aatali mamita ambiri adapangidwa kuti adzatambasuke kumene kulibe kulemera. Pansi pano amawatambasula atawakoleka pa zingwe ndi njanji, zimene zikungofanizira chabe.

Malo onyamukira nawo ali ndi chifukwa chake. Dziko limatembenukira kum'mawa, ndipo pa ikweta nthaka imayenda makilomita pafupifupi 1,670 pa ola. Roketi yonyamuka pafupi ndi ikweta kulowera kum'mawa imalandira liwiro limeneli mwaulere, komanso sivutika kukhotetsa njira yake kuti igwirizane ndi ikweta. N'chifukwa chake mayiko a ku Ulaya amanyamutsira maroketi awo ku Kourou, ku French Guiana, ku South America, madigiri 5 okha kumpoto kwa ikweta. Roketi ya Ariane 5, imene idagwira ntchito mpaka mu 2023, ikanyamuka kumeneko inkaoloka nyanja ya Atlantic n'kudutsa pamwamba pa Africa, ndipo masiteshoni a ku Libreville ku Gabon ndi ku Malindi ku Kenya ankailondola.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kawirikawiri roketi siifikitsa setilaiti pamalo pake. Imaisiya pa njira yooneka ngati dzira, imene mbali ina imadutsa pafupi ndi dziko, mwina makilomita 250, pamene mbali inayo imafika kumtunda kwa makilomita pafupifupi 36,000. Kuchokera apo setilaiti iyenera kudziyendera yokha. Akatswiri amene ali m'chipinda choyendetsera amayamba adikira kaye kumva mawu ake oyamba, ndiko kuti uthenga wosonyeza kuti ili moyo, mabatire ali ndi moto, ndipo ikumva malamulo. Masiteshoni angapo a m'mayiko osiyanasiyana amalandirizana ntchito yoimvera, ndipo imodzi mwa iwo ndi ya ku Hartebeesthoek ku South Africa. Akaimva amaitembenuza kuti iyang'ane dzuwa, chifukwa mabatire okha sangaisunge nthawi yaitali. Kenaka nthawi iliyonse imene yafika pamwamba penipeni pa dzira lija amayatsa injini yake, ndipo mbali ya m'munsi imakwera. Akatero katatu, kanayi kapena kasanu, dzira lija limasanduka lozungulira bwinobwino. Ntchitoyi imatenga sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo imadya gawo lalikulu la mafuta amene setilaiti idanyamula. Masetilaiti ena a masiku ano ali ndi injini zoyendera magetsi zimene sizidya mafuta ambiri, koma mphamvu yake ndi yochepa moti ulendo womwewo umatenga miyezi ingapo.

Apa ndipo ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene Africa idapunthwapo. Mu 1992 mayiko oposa 40 a mu Africa adakhazikitsa bungwe la RASCOM, limene likulu lake lidaikidwa ku Abidjan. Vuto limene ankafuna kuthetsa lidali lenileni. M'zaka zimenezo munthu akaimba lamya kuchokera dziko lina la mu Africa kupita ku dziko loyandikana nalo, nthawi zambiri mawu ake ankadzera ku Ulaya, ndipo makampani akunja ankalandirapo ndalama. Midzi yambiri idalibe lamya n'komwe. Cholinga chidali choti Africa ikhale ndi setilaiti yakeyake. Padatenga zaka 15 kuti ndalama zipezeke ndi kuti makinawo apangidwe. Pa 21 Disembala 2007, RASCOM-QAF1, yolemera matani oposa atatu, yopangidwa ndi kampani ya Thales Alenia Space, idanyamuka ku Kourou pa Ariane 5. Roketi idagwira ntchito yake bwinobwino, ndipo anthu adasangalala.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Patangopita masiku ochepa akatswiri adaona kuti mpweya wa helium ukutuluka penapake. Mpweya umenewu si mafuta, koma ndi umene umakankha mafuta kuchoka m'mathanki kupita ku injini, pakuti kumwambako madzi satsika okha monga amachitira pa mpopi. Helium akatha, injini yaikulu singayake bwino ngakhale mafuta ali odzaza. Ntchito yokweza setilaiti idaimitsidwa kaye. Pambuyo pake akatswiri adaikweza pang'onopang'ono kwa masabata angapo, makamaka pogwiritsa ntchito tiinjini ting'onoting'ono timene ntchito yake yeniyeni ndi yongowongolera. Idafikadi pamalo pake kumayambiriro kwa 2008, koma mafuta ambiri adali atapita. Setilaiti imene idayenera kugwira ntchito zaka 15 idatsala ndi moyo wa zaka ziwiri zokha. Yolowa m'malo mwake, RASCOM-QAF1R, idatumizidwa pa 4 Ogasiti 2010. Ine ndimaona kuti chotayika chachikulu sichidali chitsulocho ayi, koma nthawi. M'zaka zimenezo lamya za m'manja zidali zikufalikira ngati moto wolusa, ndipo zingwe za intaneti za pansi pa nyanja zidafika kugombe la kum'mawa kwa Africa mu 2009. Ena mwa mavuto amene RASCOM idabadwira adali atayamba kuthetsedwa ndi njira zina.

Mungafunse kuti moyo wa setilaiti ukukhudzana bwanji ndi mafuta, popeza magetsi imatenga ku dzuwa. Yankho n'lakuti malo aja si okhazikika kotheratu. Mwezi ndi dzuwa zimaikoka, ndipo dziko lenilenilo si lobulungira mofanana mbali zonse, choncho setilaiti imasendera pang'onopang'ono. Pakapita masiku angapo amayatsa tiinjini tija kuti ibwerere m'kabokosi kake. Mafuta akatsala pang'ono kutha amaikweza makilomita pafupifupi 300 pamwamba pa zinzake, kumalo amene akatswiri amawatcha kumanda, n'kuithimitsa.

Setilaiti ikakwera, pamabwera ntchito yotambasula mapiko a sola ndi ma eriyo. Zonsezi zimanyamuka zili zopindidwa ndi zomangidwa, ndipo zimamasulidwa ndi lamulo lochokera pansi. Chilichonse chikakodwa palibe woti akachikodole. Mu Epulo 2011 idatumizidwa setilaiti ya New Dawn, imene kampani ya Intelsat idapanga mogwirizana ndi amalonda a ku South Africa kuti itumikire Africa. Dishi yake imodzi idakana kutambasuka. Akatswiri adayesa kuigwedeza setilaitiyo ndi tiinjini take, adayesanso kuiwotcha ndi dzuwa kuti mwina chokodwacho chimasuke, koma sizidatheke. Gawo lalikulu la ntchito imene idapangidwira lidafera pomwepo, ngakhale dishi inayo idatambasuka n'kuyamba kugwira ntchito.

Zonse zikatambasuka, ndiye kumayamba mayeso enieni a m'mlengalenga, amene amatenga masabata angapo. Ntchito ya setilaiti ya mauthenga kwenikweni ndi yosavuta kuimvetsa: imalandira mafunde ofooka ochokera pansi, imawasinthira pa fulikwense ina, imawawonjezera mphamvu, n'kuwabwezera pansi pa dera lalikulu. Zipangizo zochita zimenezi zimatchedwa transponder, ndipo setilaiti imodzi imakhala nazo makumi angapo. Siteshoni yoyesera imatumiza mafunde amene mphamvu yake ikudziwika, n'kuyeza amene abwerera, chipangizo chimodzichimodzi. Amayesa ndi zoyembekezera zomwe, pakuti pafupifupi chilichonse chofunika chimakhala ndi chinzake chodzalowa m'malo chikafa.

Mayeso amene adandisangalatsa kwambiri ndi oyeza dera limene mafunde akugwera. Dishi ya pa setilaiti ili ngati tochi younikira pansi, ndipo idaumbidwa mwadala kuti kuwala kwake kugwere pa mayiko amene ali ndi makasitomala, osati pa nyanja. Tsono mungadziwe bwanji ngati kuwalako kukugwera pamalo oyenera, popeza simungaike siteshoni m'mudzi uliwonse? Akatswiri amachita mosemphanitsa. Siteshoni imakhala pamalo amodzi, ndipo amapendeketsa setilaiti yonseyo pang'onopang'ono, uku ndi uko, kuti mbali iliyonse ya kuwala kuja idutse pa siteshoniyo. Akalemba mphamvu imene alandira pa kupendekeka kulikonse amapeza mapu onse, n'kuwayerekeza ndi amene adalonjezedwa. Mapu amenewa ndiwo amauza amalume kukula kwa dishi imene ikufunika kwathu kuno, ngakhale iwo sadawaonepo.

Kawirikawiri mayesowa sachitikira pamalo pamene setilaiti idzagwirire ntchito. Njira ya pamwamba pa ikweta ndi yodzaza, ndipo malo ndi mafulikwense amagawidwa mwa mgwirizano kudzera ku bungwe la ITU la ku Geneva. Kuyesa mafunde amphamvu pafupi ndi setilaiti imene ikuonetsa anthu mpira kungasokoneze zithunzi zawo. Choncho amaiyesera pambali, ndipo akamaliza amaitsitsa pang'ono kuti isendere kum'mawa, kapena kuikweza pang'ono kuti isendere kumadzulo, mpaka itafika. Apo m'pamene opanga amaipereka m'manja mwa eni ake.

Ngakhale mayeso onsewa, zina zimadzaonekera mochedwa. NigComSat-1 ya dziko la Nigeria, yopangidwa ku China, idatumizidwa mu Meyi 2007 kuchokera ku Xichang, idapambana mayeso n'kuyamba ntchito, koma mu Novembala 2008 idafa kaamba ka vuto la mapiko a sola. Yolowa m'malo mwake idapita mu Disembala 2011. Angosat-1 ya dziko la Angola, yopangidwa ku Russia, idanyamuka ku Baikonur pa 26 Disembala 2017, ndipo idasiya kuyankha itangosiyana ndi roketi. Idamvekanso kwa kanthawi kochepa, kenaka mu Epulo 2018 adalengeza kuti yatayika. Anthu a ku Angola adadikira mpaka mu Okutobala 2022 kuti Angosat-2 ikwere. Pasapezeke woganiza kuti zimenezi zimagwera Africa yokha. Mayiko olemera nawonso ataya masetilaiti ambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti kampani imene ili ndi masetilaiti 50 ikataya imodzi imasamutsira makasitomala ku ina, pamene dziko limene lili ndi imodzi yokha limabwerera pa mzere wobwereka. Inshuwalansi imabweza ndalama, koma kupanga ina kumatenga zaka zitatu kapena kuposerapo.

Ndanena kuti palibe woti akakonze, koma mbiri ili ndi nthawi zochepa zimene anthu adapitadi ndi manja awo. Intelsat 603 idatumizidwa mu Malichi 1990, ndipo kaamba ka mawaya amene adalumikizidwa molakwika sidasiyane bwino ndi roketi yake, moti idatsakamira m'munsi. Mu Meyi 1992 chombo cha Endeavour, pa ulendo wake woyamba, chidapita kukaipulumutsa. Chida chimene adakonza kuti aigwirire chidakanika kawiri. Potsiriza anthu atatu, Pierre Thuot, Richard Hieb ndi Thomas Akers, adatuluka kunja pamodzi n'kuigwira ndi manja setilaiti yolemera matani oposa anayi. Adaimangirira injini yatsopano, ndipo idakwera n'kugwira ntchito zaka zoposa 20. Izi zidatheka chifukwa idali m'munsi. Kumtunda kwa makilomita 36,000 sikudapite munthu kukakonza setilaiti, ngakhale mu 2020 makina otchedwa MEV-1 adakagwirana ndi Intelsat 901 kumeneko kuti aziiyendetsa mafuta ake atatsala pang'ono kutha.

M'zaka zaposachedwapa kwabwera kaganizidwe kena. Setilaiti ya kumtunda ili ndi vuto limodzi losathetseka: mafunde amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi kupita ndi kubwera, n'chifukwa chake mtolankhani wa kunja amaoneka ngati wazizira asanayankhe funso. Kampani ya SpaceX, ndi Starlink yake, imatumiza masetilaiti aang'ono zikwizikwi pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550, kumene kuchedwa kumeneku n'kochepa. Kayesedwe kake nakonso n'kosiyana. Roketi imawasiya m'munsi kwambiri, kumene kudakali kampweya kochepa, ndipo amayesedwa ali komweko. Amene apambana amakwera okha, pamene olephera amakokedwa ndi mpweyawo n'kupsa asanakhale zinyalala m'mlengalenga. Njirayi ili ndi mtengo wake. Mu Febuluwale 2022 adatumiza masetilaiti 49, ndipo mphepo yamkuntho yochokera ku dzuwa idafufumitsa mpweya wa kumtunda, moti 38 adalephera kukwera n'kupsa. Kampaniyo idangopitiriza kutumiza ena mwezi womwewo.

Starlink idayamba kugwira ntchito ku Malawi mu 2023, ndipo amalume amangirirapo kale madishi ake angapo. Amati ntchito yake ndi yosiyana: dishiyo ndi yafulati ngati thireyi, ndipo siyang'ana malo amodzi koma imalandirizana masetilaiti akamadutsa, monga ankachitira madishi a Telstar mu 1962, kungoti tsopano imatero ndi magetsi osati ndi mawilo. Chimene iwo amafufuza padenga si malo enieni a kumwamba, koma pamene mtengo wa mango sukutchinga. Nditawafotokozera zonsezi pa tchuthi chapitachi adamvetsera mpaka kumapeto, kenaka adandifunsa ngati helium wa RASCOM uja ndi yemwe amapopera mabaluni a paukwati. Ndidawayankha kuti ndi yemweyo.